PTC, Kandodo ndi masitolo amene tinakula nawo: zinatha bwanji ife tikuona?

Aphunzitsi Opuma: Moni nonse pagulu pano. Dzulo ndinapita pa boma kwathu kukatenga ka penshoni ku banki, ndiye pobwerera ndinaima kaye pa nyumba ija munali sitolo ya PTC (People's Trading Centre) kale. Penti anasintha, munalowa ena akugulitsa matayala a njinga, mapoto ndi ndowa za pulasitiki, koma chakumwamba kwa khoma ukayang'anitsitsa zilembo zija zikuonekabe pansi pa penti watsopanoyo. Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu, mtima unandiwawa. Ine malipiro anga oyamba a uphunzitsi ndinakalowa nawo mmenemo, ndinagula shuga, Stork, masamba a Chombe, sopo wamtanda wa Sunlight ndi malofu awiri a buledi kupita nazo kwa mayi anga kumudzi, ndipo mayi anaitana anthu a nyumba zoyandikana kuti adzamwe tiyi wa mwana wawo. Ndiye funso langa ndi loti, sitolo imene umaipeza pafupifupi pa boma lililonse kuyambira kummwera mpaka ku Karonga, inatha bwanji? Amene mumadziwa za bizinesi tatiuzeniko, ine ndikungomva kuti inagwa inagwa koma mutu wake sindinaugwire.

Mwana wa Ndirande: Aphunzitsi mwandikumbutsa kutali. Ife Khisimisi ikamayandikira madala amatitenga tonse anayi kupita mtauni, tisambe tidzole, ndiye kulowa mu PTC muja fungo la buledi wotentha limakulandira pakhomo pomwe. Mwana aliyense amapatsidwa mwayi wosankha chinthu chimodzi chokha, ine nthawi zonse ndimatenga paketi ya mabisiketi a Universal, mchemwali wanga Kamba, kenako madala amaika botolo la Sobo ndi mpunga mubasiketi. Jumbo ya PTC ija sitimataya, mayi amaichapa nkuipinda bwinobwino, mawa lake wina aikamo makope popita ku sukulu.

NaPhiri wa ku Area 25: Eee jumbo ija inali ulemu ndithu. Ukatsika nayo basi kumudzi anthu amadziwa kuti kwabwera a kutauni. Koma ine chimene ndimakonda chinali cha mtengo, panalibe zonenerera, mtengo walembedwa pa shelefu ndi womwewo ukalipire pa thilu ndipo akupatsa lisiti. Agogo anga samadziwa kuwerenga koma amati mu PTC sangandibere, amangotambasula kansalu kamene amamangamo ndalama nkumuuza mtsikana wa pa thilu kuti tengapo wekha mwanangu.

Kalaliki wa Limbe: Moni aphunzitsi. Ine ndagwira ntchito ya maakaunti zaka zambiri ndiye ndiyesa kuyankha, koma tiyambe ndi mmene inakwerera chifukwa mayankho ena ali komweko. PTC inayamba mu 1973 pansi pa Press, kampani ya Kamuzu. Nthawi imeneyo ndi yomwenso boma limachotsa amwenye mmidzi ndi mma trading centre, anauzidwa kuti malonda azichitira mmizinda ikuluikulu basi. Ndiye mumaona kuti malo amene amagulitsa amwenye anatsala opanda mwini, Amalawi ambiri amene anatenga magolosale aja analibe mpamba wokwanira ndipo ambiri anatseka posakhalitsa. Mpata umenewo ndi umene unadzadzidwa ndi PTC kumbali yogulitsa kwa anthu, ndi Chipiku kumbali yopikulitsa kwa eni magolosale. Ndikutanthauza kuti PTC inakula mmunda wolimidwa kale, wopanda wina wolimbana naye, kumbuyo kwake kuli kampani imene inalinso ndi gawo mu banki, mmaesiteti a fodya ndi mmafakitale. Sikuti samagwira ntchito ayi, amagwira ndithu, kutumiza katundu ku Chitipa kapena ku Nsanje misewu ya nthawi ija sinali nkhani yamasewera. Koma mpikisano sanauzolowere.

Mwana wa Ndirande: Akulu pamenepa mwanditsegula maso, za amwenyezi ndimangomva kuti anathamangitsidwa kumidzi koma sindimazilumikiza ndi PTC.

Aphunzitsi Opuma: Zoona zimenezo a Kalaliki, ndinaziona ndi maso anga ndili mnyamata. Pa trading centre ya kwathu panali mzere wa masitolo a khonde lalitali, atelala atakhala pakhondepo ndi makina awo. Eni ake atachoka mzere onse unangoti zii, atelala nawonso anabalalika chifukwa nsalu amagula momwemo. Mpaka lero nyumba zina zilipo, malata adzimbiri, mwina mumasungidwa chimanga. Sitimayankhula nthawi imeneyo, mukudziwa mmene zinalili.

Agogo a Zomba: Ana inu mukuyambira pa PTC koma ife tinayambira kwa Mandala ndi Kandodo. Mandala inali ya African Lakes, azungu a ku Scotland amene anabwera mu 1878, ndipo dzinalo linachokera pa mandala a mmaso amene amavala John Moir, mmodzi wa akuluakulu ake. Lero mwana akamva Mandala amangodziwa dera la ku Blantyre lija kapena nyumba yakale ija, sadziwa kuti linali dzina la masitolo amene agogo ake amagulako nsalu, mchere ndi makasu. Kandodo ndiye inali ya ife apantchito, yunifolomu ya ana, mabulangete, mbale, mpaka mabuku umapeza. Ine diresi langa la chinkhoswe nsalu yake ndinagula mu Kandodo. Nayonso inapita, chatsala ndi dzina pa siteji, makondakitala akuitanirabe Kandodo Corner Shop ku Blantyre koma mufunseni kondakitalayo kuti Kandodo chinali chani muone ngati ayankhe.

Wa 2001: Agogo ine ndi mmodzi wa osadziwawo, ndimaona ngati ndi dzina la malo basi. Koma ndifunse mwaulemu, kodi vuto lili pati sitolo ikatha? Panopa tili ndi Sana, Chipiku Plus, Ekhaya ndi ena ambiri, katundu ndi yemweyo, shuga ndi wa Illovo yemweyo. Ine PTC imene ndinaiona ndi ya kumapeto ndipo sindinamvetse chimene makolo amaitamira.

NaPhiri wa ku Area 25: Iwe mwana unaona nkhalamba ili pa mphasa ndiye ukuti sinavinepo chiyambire. Dikira akulu amalize kufotokoza.

Kalaliki wa Limbe: Funso la mwanayu ndi labwino asisi, tisamukalipire. Ndipitirize. Zinthu zinayamba kusintha chitabwera matipate mu 1994, malonda anamasulidwa, mavenda anadzadza mmisewu, aliyense amatha kupita ku Joni, ku Dar es Salaam kapena ku Harare kukaoda katundu. Kenako kumayambiriro kwa zaka za mma 2000 Shoprite inatsegula pa Chichiri, sitolo yaikulu yoti sitinaionepo, malo oimika galimoto mbwee, ndiye anthu a ndalama a mtauni amene amagula zodzadza ngolo kumapeto kwa mwezi anasamukira kumeneko. PTC nayo inayesa, inali pa mgwirizano ndi a Metro Cash and Carry a ku South Africa, nchifukwa chake munkaona mayina ngati Metro, Kwiksave ndi McConnell, onsewo anali a nyumba imodzi. Pambuyo pake a ku South Africa aja anachoka Press nkutsala yokha, anabweretsanso dzina la Spar ndi Food Lover's Market kuti akope anthu a mtauni. Koma mukasintha chikwangwani ngongole ili pomwepo, ngongoleyo siidziwa kuti mwasintha chikwangwani.

Tsopano mvetsani mmene sitolo yaikulu imafera, chifukwa ndi chimodzimodzi kulikonse. Sitolo yotere katundu wambiri sigula kashi, imatenga pa ngongole kwa opanga, tinene kuti alipira pakatha masiku 30. Ngati shuga uja wagulidwa yense mmasabata awiri ndiye kuti sitolo ikuyendera ndalama za eni shuga, zonse zili bwino. Koma phindu pa paketi iliyonse ndi lochepa kwambiri, ndiye pamene pali lendi, malipiro, magetsi, dizilo wa jenereta magetsi akazima kuti nyama ndi mkaka zisaonongeke mmafiliji, malole otumiza katundu kutali, katundu wina wosowa wina wopitirira masiku ake, ndi ngongole ya ku banki imene zaka zina chiwongoladzanja chake chimapitirira 30 peresenti, ndalama ya eni shuga ija imathera kwina. Tsiku lolipira lafika mulibe, mupempha masiku ena, kenako ena. Mwini katundu atopa nkunena kuti kuyambira lero bweretsani kashi kaye. Apo ndiye shelefu imayamba kuoneka matabwa. Munthu abwera kufuna mafuta ophikira palibe, mawa abwera kufuna sopo palibe, ulendo wachitatu sabweranso ndipo amauza anzake. Ndalama zolowa zatsika koma lendi ndi malipiro sizinatsike. Mutseka masitolo ena kuti mupume, koma mukatseka ndiye kuti mukugula katundu wochepa, opanga sakupatsaninso mtengo wabwino. Zimangozungulira choncho mpaka pansi.

PTC pa nthawi yake inali ndi masitolo oposa 100, inayamba kutseka ena pang'onopang'ono makamaka a mmaboma, ndipo inakhala zaka zingapo ikupanga malosi. Mu 2022 Press inaigulitsa kwa Tafika Holdings, ndipo chaka chomwecho khoti la zamalonda linalamula kuti kampaniyo ithetsedwe chifukwa cha ngongole zimene inali nazo kwa anthu ndi makampani osiyanasiyana. Kuyambira 1973 mpaka 2022, inangotsala pang'ono kukwanitsa zaka 50.

Aphunzitsi Opuma: Zikomo kwambiri a Kalaliki, apa ndiye ndamva. Chimene chikundiwawa ndi choti amayamba kutseka a mmaboma, ife amene tinalibe kwina kolowera.

Mayi wa Golosale: Odi ndilowepo nanenso, ine ndili ndi kagolosale pa trading centre zaka 14 tsopano ndiye ndikufuna ndinene mbali imene a Kalaliki sanaikhudze. Inu mukuti Shoprite, koma kuno Shoprite sinafikeko, amene tinatenga makasitomala a masitolo akuluakulu ndi ifeyo a magolosale ndi maokala, ndipo sikuti tinachenjera kuposa iwo ayi, ndi matumba a anthu amene anaphwa. Kale mphunzitsi kapena nesi akalandira amagula za mwezi onse kamodzi, shuga mapaketi anayi, mafuta botolo lalikulu, sopo mitanda. Lero munthu yemweyo amabwera kwa ine mmawa kudzagula shuga woyeza pa kapepala, mafuta a mu kachubu, sopo ndimadula mtanda umodzi zidutswa zinayi, ufa wa walkman, dzira limodzi. Sitolo yaikulu singatsegule paketi ya shuga nkumayeza ndi supuni, ine ndimatha. Chinanso ndili ndi kope langa pansi pa kauntala, muli mayina a anthu amene amatenga pa ngongole nkudzalipira pa 27 kapena akagulitsa soya, ndimawadziwa nyumba zawo, ana awo, maliro awo ndimapita. Usiku wa 8 koloko mwana watentha thupi akufuna Panado amagogoda pawindo ndimadzuka. Ndiye sitolo yoti imatseka madzulo ndipo imafuna kashi yokhayokha ingalimbane nane bwanji pa anthu amene ndalama amaipeza ya tsiku limenelo?

Koma musaone ngati ndikusangalala kuti inatha. Ine nthawi ija mitengo ndimaonera kwa iwo, komanso kasitomala akati mwakweza ndimamuuza kuti pitani mukaone mu PTC. Imatigwira tonse kuti tisapitirire malire. Panopa shuga akasowa aliyense amangotchula mtengo umene wamufikira mmutu, ndipo amene amalira ndi osaukawo.

Kalaliki wa Limbe: Mayi mwanena chinthu chachikulu kuposa zonse zimene ndalemba ine. Zimenezi mmabuku a maakaunti sizioneka, mumangoona kuti malonda atsika osadziwa kuti apita mu kope la pansi pa kauntala.

Wa 2001: Apa ndagonja, za kugwira mitengozi sindimaziganiza. Kwathu shuga atasowa mayi amachita kuima pamzere kuyambira mmamawa ndipo kunja amagulitsa pafupifupi kuwirikiza.

Mlimi wa Nkhuku: Ine ndilankhule ngati wopereka katundu. Zimene zinandichitikira sizinali ku sitolo imene tikukambayi, inali ina ya mtauni ndipo dzina sinditchula. Ndimaperekako mazira matileyi ambirimbiri sabata iliyonse, poyamba amalipira bwino pakatha mwezi ndipo ndinasangalala mpaka ndinakatenga ngongole kuwonjezera khola. Kenako anayamba mawa mawa, ukapita akuti osayina cheke sanabwere, ulendo wina akuti bwerani Lachisanu. Nkhuku sizidziwa za Lachisanu, zimafuna chakudya tsiku lililonse ndipo wogulitsa chakudya cha nkhuku amafuna kashi. Ndinagulitsa theka la nkhuku zoikira pa mtengo wolira kuti zotsalazo zidye. Ndiye mukamamva kuti sitolo yagwa ndi ngongole, dziwani kuti ngongoleyo ili ndi nkhope, ndi anthu ophika buledi, alimi a tomato ndi kabichi, opanga chiponde ndi uchi, amene analibe loya wowayankhulira. Makampani akuluakulu amapirira, ife timagwera limodzi ndi sitoloyo. Komabe ndikuuzeni zoona, kukhala ndi malo amodzi otenga matileyi onse kamodzi kunali kwabwino kusiyana ndi panopa pamene ndimayenda pa njinga yamoto golosale ndi golosale kusiya thileyi imodzi imodzi.

NaPhiri wa ku Area 25: Pepani bambo, zowawa zedi. Ndiye tiganizirenso antchito, atsikana a pa thilu, anyamata opanga buledi usiku, alonda, odula nyama. Ena analowa ntchito ali achinyamata nkukalambira momwemo, ndipo pa boma kugwira ntchito mu sitolo yotere unali ulemu, umatha kuphunzitsa abale ako.

Wa pa Joni: Moni a kumudzi. Ndikuwerenga zonsezi ndili pa basi kuchokera kuntchito. Musaganize kuti ndi za kwathu kokha, kuno Edgars inali mfumu ya zovala, munthu kukhala ndi khadi ya akaunti ya Edgars amayenda monyada, ndipo ambiri a ife titangofika timalota tsiku lodzagulako suti yopita nayo kumudzi. Kampani yake Edcon inagulidwa mu 2007 ndi Bain Capital ya ku America pa ndalama zokwana marandi 25 biliyoni, zambiri mwa izo zinali zangongole ndipo ngongoleyo inasenzetsedwa kampani yomweyo. Ndiye zaka zonse zotsatira mmalo mokonza masitolo amangothamangitsana ndi chiwongoladzanja, uku Mr Price ndi Pep akutenga anthu, kenako H&M ndi Zara afika. Covid itabwera mu 2020 inangomalizitsa, Jet inagulidwa ndi a Foschini, Edgars inapita kwa a Retailability, dzina lilipobe koma si ija. Stuttafords yomwe inakhala zaka zoposa 150 inatseka mu 2017. Ndiye zimene akunena a Kalaliki za ngongole ndikuzivomereza ndi manja awiri. Ndipo zimene akunena mayi a golosale nazonso ziliko kuno, mmalokeshoni anthu amagula mma spaza, zazing'onozing'ono za tsiku limenelo.

Ba Chipata: Muli bwanji abale a kutsidya. Kuno ku Zambia nkhani yathu ifanana na yanu koma inayenda njira ina. Nthawi ya Kaunda tinali na masitolo a boma, ZCBC, Mwaiseni na NIEC, ndipo mzaka za mma 1980 anthu amaima pamzere kuyambira usiku kudikira shuga, saladi (mafuta ophikira) na sopo, ukaona mzere umangoimapo kaye nkufunsa pambuyo kuti kwabwera chani. Chiluba atalowa mu 1991 anayamba kugulitsa makampani a boma, ndipo mu 1995 Shoprite inatsegula pa Cairo Road mu Lusaka, nyumba zina zimene inalowamo zinali za masitolo a boma omwewo. Manje kuno ku Chipata tili nayo Shoprite ndipo timaona magalimoto a manambala a ku Malawi akubwera kudzagula zinthu zikasowa kwanu. Akuluakulu kuno akamakumbuka ZCBC amakumbuka mizere, inu mukamakumbuka PTC mukukumbuka fungo la buledi, ndiye yanu inakutumikirani bwino kuposa yathu.

Aphunzitsi Opuma: Zikomo achimwene a ku Chipata. Zoona, ife nthawi ya Kamuzu za mizere ya shuga sitimazidziwa kwenikweni, ndalama ndi imene imavuta koma katundu pa shelefu amakhalapo.

Nesi wa ku Leeds: Kuno ku UK nako azungu achikulire amalira Woolworths ngati mmene tikulirira PTC, inatseka masitolo ake onse pafupifupi 800 kumapeto kwa 2008 ndi kumayambiriro kwa 2009. Debenhams inatseka mu 2021, Wilko mu 2023 ine ndili konkuno, ndimagulako mapoto ndi zotsukira. Kuno chimene chikuwadya kwambiri ndi kugula pa intaneti ndi masitolo otchipa ngati Aldi ndi Lidl. Agogo ena amene ndimawasamalira amandiuza kuti chimene amasowa si katundu ayi koma kopita, poti amapita kukaonana ndi anzawo. Ndinakumbuka bambo anga amene amakhala pakhonde la PTC ndi nyuzipepala Loweruka mmawa kudikira anzawo kuti akambe za mpira.

Mwana wa Ndirande: Nanga za malo odyera bwanji? Ine ndimakumbuka Nando's, mnyamata ukafuna kuonetsa kuti chibwenzi ichi ndi cha ukwati umasunga ndalama mwezi onse nkupita nacho kumeneko. Ine mayi a kunyumbawa ndinawatengera komweko ulendo woyamba, tinagawana theka la nkhuku ndi chipisi ndipo mpaka lero amaikambabe. Lero kulibe.

Kalaliki wa Limbe: Malo odyera a mayina akunja ali ndi mtolo wawo wapadera achimwene. Mwini wake kuno amakhala wagula chilolezo chogwiritsa ntchito dzinalo, ndiye mwezi ndi mwezi amatumiza gawo la ndalama kwa eni dzina, ndipo zokometsera, mapaketi ngakhale zipangizo za mkhitchini zambiri zimayenera kuchokera kunja kuti kakomedwe kafanane kulikonse. Zonsezo zimafuna forex. Kwacha ikagwa mtengo wa mbale umakwera tsiku lomwelo, pamene wa chiwaya panja akugula mbatata ya ku Ntcheu kapena ku Dedza ndi nkhuku ya pamsika, lendi yake ndi yochepa, jenereta safuna. Anthu oti angadye nkhuku ya mtengo umenewo sabata iliyonse kwathu kuno ndi ochepa, ambiri amapita pa tsiku lobadwa kapena ngati mmene munapitira inumo.

NaPhiri wa ku Area 25: Kwa ife ambiri lesitilanti yathu inali kauntala ya zophikaphika ya mu PTC momwemo, chipisi, soseji, mitipayi ndi nkhuku zozungulira pa moto zija. Nthawi ya nkhomaliro anthu a mmaofesi amadzadza pamenepo, ena kugula banzi ndi Fanta nkukakhala pansi pa mtengo. Titapita kukaona zotsatira za mayeso a fomu 4 ine ndi mnzanga tinasonkherana kugula mitipayi imodzi nkugawana pakati, tonse tinakhoza.

Wa 2001: Koma a Kalaliki ngati Shoprite inali ya mphamvu choncho bwanji nayonso inalengeza zochoka?

Kalaliki wa Limbe: Eya, mu 2025 Shoprite inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake asanu a ku Malawi kuno, pamodzi ndi a ku Ghana, ndipo isanatero inali itachoka kale ku Kenya, Nigeria, Uganda ndi Madagascar. Apa nkhani yaikulu ndi ndalama yathu. Kumbukirani kwacha inagwetsedwa mu May 2012, kenako ndi 25 peresenti mu May 2022, kenakonso ndi 44 peresenti mu November 2023. Iwe wagulitsa katundu lero pa mtengo wakale, wapeza phindu pa pepala, koma ukati ukaodenso katundu yemweyo ndalama ija sikukwana. Ndipo ngakhale ukhale ndi makwacha odzadza chipinda, ku banki madola kulibe, sungalipire amene anakutumizira katundu ku South Africa, phindu sungatumize kwa eni kampani. Ndiye onani, wa kwathu anagwa ndi ngongole, wakunja wanyamuka chifukwa cha forex, onse awiri amagulitsa kwa anthu omwewo amene mthumba mwawo mukuchepa chaka ndi chaka. Ku Kenya nakonso Nakumatt, Tuskys ndi Uchumi anali zimphona, onse anagwa ndi matenda omwewa osalipira opereka katundu.

Mayi wa Golosale: Za kuodanso zija ndi zimene zimatipha ngakhale ife ang'onoang'ono. November 2023 uja ndinagulitsa makatoni a sopo Lachitatu, kupita kukapikula Loweruka ndalama yomweyo inagula makatoni ochepa, ndinabwerera pa minibasi ndikulira chamumtima. Makasitomala amati mayi mwayamba umbava, osadziwa kuti shelefu yanga ikuchepa ine ndikugulitsa.

Agogo a Zomba: Ine chimene ndimadandaula ana inu ndi katundu wa kwathu. Mmasitolo aja mumadzadza zopangidwa konkuno, nsalu za Whitex, mawailesi a Nzeru, nsapato za Bata, mafuta a Covo ndi Kazinga, sopo wa ku Lever Brothers ku Limbe. Munthu umagula podziwa kuti mwana wa mnzako ndi amene wapanga. Mafakitale aja atayamba kufooka masitolo nawonso anayamba kudalira za kunja, ndiye za kunjazo zimafuna madola amene a Kalaliki akunenawo. Sitolo ndi fakitale zinali ngati mphika ndi mafuwa.

Wa pa Joni: Agogo mwalasa. Kuno Shoprite ndi yolimba chifukwa pafupifupi chilichonse chimene imagulitsa chimapangidwa konkuno, malole amangozungulira mdziko momwemo.

Mlimi wa Nkhuku: Ndiye masitolo amene alipo panowa, a Amalawi anzathu ndi ena onse, ine pempho langa ndi limodzi, azilipira opereka katundu pa nthawi yake ngakhale zitavuta bwanji, ndipo asamathamangire kutsegula nthambi khumi ndi ndalama za eni mazira. Komanso atiganizire a mmaboma, si Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu okha amene kuli anthu.

Wa 2001: Aphunzitsi ngati mungathe mudzajambule khoma lija zilembo zisanafufutike mudzaponye pano, ndikufuna ndikawaonetse mayi anga. Iwo amati diresi langa loyamba la Khisimisi silinachokere mu PTC koma keke yake inachokera mmenemo.

Aphunzitsi Opuma: Ndidzajambula mwanangu, Lachisanu ndikupitanso pa boma kukagula mbewu. Foni yangayi kamera yake ndi yofooka ndiye ndidzapita ndi mdzukulu wanga adzajambule ndi yake, chakummawa dzuwa likamawomba khomalo ndi pamene zilembo zimaoneka bwino. Ndidzawapempha kaye eni sitolo amene alipo panowo, ndi anthu aulemu, dzulo lija atandiona nditaima anatuluka kudzandipatsa moni ndipo mnyamata wake anati bambo ake anagwirako ntchito mmenemo yodula nyama.